Ndinamutuma kukaviika chinangwa pomwe ng'ona inagwira mwana wake

Mpongozi wanga ndinamudwalitsa ndine. Sindinamupitire kwa sing'anga, sindinamumenyepo, ndinangomutuma ntchito imene mkazi aliyense kwathu kuno amagwira. Inu owerenga, tcherani khutu, chifukwa chimene ndinachita ine ambiri mukuchichita m'makomo mwanu, ndipo mukuchitcha kulimbitsa munthu mtima.

Ndimakhala kufupi ndi Kande, pomwe kamtsinje kena kamathira m'nyanja. Mwana wanga Yotamu anakwatira Esinati, mwana wa bambo wina wa ku Thyolo amene anabwera kuno kudzagwira ntchito ku esiteti ya labala. Mtsikanayo anakulira m'minda ya tiyi kwa agogo ake, nyanja anaionera kuukulu. Anali waulemu, wosachulutsa mawu. Chitonga chake chinkaseketsa ana, ndiye ine ndi iye tinkangolankhulana Chichewa. Atabereka Wongani, kenako Tamara, Yotamu anapita ku Joni kukasaka ntchito. Pakhomo tinatsala akazi awiri ndi anawo.

Inu odya chimanga mwina simudziwa mmene ufa wa kondowole umavutira. Chinangwa timasenda, kuthira m'thumba, n'kukachiviika m'madzi kuti chifewe ndi kutaya kuwawa. Chikafewa timakachivuula, kuchitsuka, kuchifinya, n'kuchiyanika. Chofewacho chimatuluka ndi fungo lake, ndipo chimaterera m'manja ngati sopo.

Chaka chimenecho nyanja inadzaza, madzi n'kubwerera m'mtsinje mpaka m'mabango momwe timaviikamo. M'mawa wina Esinati anapita kukavuula matumba athu, Tamara ali kumsana, Wongani akutsatira m'mbuyo ndi kachitini kake. Ine ndinali kumunda. Ndinangomva mkuwo. Pomwe ndinkafika, amuna anali atalowa kale m'madzi ndi mabwato, ndipo Esinati anali chikhalire m'matope, maso ali tong'o, osalira. Ng'ona inali itatenga Wongani. Chimene asodzi anapeza mawa lake tinachikulunga m'nsalu, mayi wake osamuonetsa. Yotamu sanabwere pamaliro. Analibe mapepala, akanatuluka sakanalowanso.

Tsopano apa ndi pomwe ndinalakwa. Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mwambo wathu. Munthu bwato likamugudubuza n'kupulumuka, timam'bwezera pamadzi msanga, mantha asanamere mizu. Malemu amuna anga anatero ndi Yotamu ali mnyamata, ndipo anakula msodzi wolimba. Ine ndinati mankhwala ndi omwewo. Komanso ndisabise, ufa unali utathera pamaliro. Titangometa, ndinasenda chinangwa china, n'kumuuza Esinati kuti asenze akaviike. Amuna anali atazika kale mpanda wa nsungwi pamalopo kuti ng'ona isafikenso, ndiye kwa ine nkhani inali itatha.

Anagwada n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, bwanji ine ndikalime, inu mupite kumadziko?"

Ine ndinati, "Mkamwana, kufedwa wayamba ndiwe? Nanenso ndinaikapo anga. Dzuka."

Anadzuka, poti anali mwana woleredwa bwino. Anapita kukaviika, anapitanso kukavuula. Ankabwerako milomo itauma gwa, koma thumba lili pamutu. Ine ndinakadzitama kwa amayi anzanga kutchalitchi kuti mpongozi wanga ndamulimbitsa. Ndinalamulanso kuti dzina la Wongani lisatchulidwe pakhomo, malaya ake ndinawapereka kwa abale akutali. Ndinkati bala ukamaligwiragwira silipola.

Zizindikiro zinayamba pang'onopang'ono, ndipo chilichonse ndinachimasulira molakwa. Akamva fungo la chinangwa chovuula ankathamangira kuseri kukasanza. Kondowole anasiya kudya. Ine ndinati wayamba matama, akunyoza chakudya chathu poti kwawo amadya mgaiwa. Ankakhala pakhonde akupukuta manja pachitenje, kupukuta, kupukuta, manja ali ouma kale, mpaka khungu linasupuka. Ndinati ndi ulesi, akuthawa mtondo. Tulo sankagona, m'mawa maso ali psuu. Ukamuitana ankadzidzimuka ngati wam'ponda. Thupi linatha, mkaka unachepa. Yotamu ataimba foni ndinamuneneza mkazi wake kuti wasanduka wamwano, ndipo iye anamukalipira. Esinati anangoti pepani.

Kenako anasiya kumusambitsa Tamara. Ankangomupukuta ndi kansalu konyowa. Beseni la madzi likakhala pabwalo ankalitaya, ngakhale ndi madzi otunga kutali. Kunali kotentha, ndipo m'khosi mwa mwana munatuluka zilonda. Amayi a m'mudzi anayamba kundinena kuti mdzukulu wanga akununkha ine ndilipo.

Tsiku lina masana ndinamupeza Esinati atasinza pamkeka, mwana ali pambali. Ndinamunyamula Tamara mwakachetechete n'kutsikira naye kunyanja, pamchenga poyera pomwe ana onse amasamba. Ndinalowa mpaka m'mawondo, n'kuyamba kumuthira madzi, iye akuseka. Sindinamve kuti munthu akubwera. Ndinangoona Esinati wagwera m'madzi ndi zovala zomwe, wagwira mkono wa mwana ndi manja onse awiri, akukoka. Ankaitana Wongani. Ine ndinali ndisanamusiye mwanayo, iye akukokabe, mpaka mkono unaguluka paphewa. Amayi amene ankachapa pafupi anathamangira, koma zala za Esinati zinakanika kutambasuka. Mwana akulira mofuula, iye osamva, osatizindikira aliyense. Anachita kubwera asodzi kudzamumasula chala chimodzichimodzi.

Mkono wa Tamara anaubwezera kuchipatala ku Chintheche. Esinati anamutumiza ku Mzuzu komwe amathandiza odwala maganizo, ndipo ine ndinapita ngati womudikirira. Namwino wina, mtsikana wa msinkhu wa ana anga, anandikhazika pansi. Sanandikalipire. Anangondifunsa kuti chichitikireni ngoziyo, ndani anakhalapo naye Esinati n'kumufunsa chimene anaona. Maliro onse tinalira Wongani, tinapepesa Yotamu pafoni, tinaphikira alendo, koma munthu amene analipo pamalopo palibe anamufunsa kanthu. Namwinoyo anati munthu akaona choopsa chotere, mutu wake umam'bwezera pomwepo tsiku ndi tsiku, fungo kapena malo zikangom'kumbutsa. Anati ndi matenda, osati mwano, ndipo akanabwera msanga sizikanafika apa.

Patapita masabata, mankhwala atamukhazika pansi ndipo atayamba kucheza ndi alangizi a pachipatalapo, Esinati anandilankhula yekha tili panja pa wodi. Sankandiyang'ana, ankayang'ana manja ake.

"Amayi, ndinamugwira. Mkono wake unali m'manja mwangamu. Koma ndinali nditangofinya chinangwa, ndiye anandipulumuka m'manja ngati nsomba. Mukandituma kuja, manja akaterera, ndimamumva akuchokanso."

Inu owerenga, taganizani. Miyezi yonse ija mwana wa eni ake ankasenza chinthu chimenechi yekha, ine n'kumamutuma kukabwereza imfa ya mwana wake ndi manja ake omwe, n'kumamutcha waulesi.

Atatuluka m'chipatala, bambo ake anabwera kudzamutenga. Sanatukwane, sanaitanitse mlandu. Anangoti mwana wawo sangachire akumva mafunde, n'kunyamuka naye limodzi ndi Tamara kupita ku Thyolo. Ndimamva kuti ali bwinoko, amagulitsa nthochi pamsika, ndipo amapitabe kuchipatala. Banja lake ndi Yotamu silinabwererenso. Yotamu amanditumizira thandizo, koma kucheza kwathu kunafupika. Chaka chatha Yotamuyo anandilumikiza pafoni ndi Tamara ku Thyolo, amene tsopano wayamba sukulu. Ndinamuitana ndi dzina limene ndinkamuitanira ali khanda. Anafunsa mayi ake kuti agogo awawa ndi ati.

Ndiye ndikupempheni, makamaka inu amayi anzanga amene mumasunga ana a anzanu m'nyumba. Munthu amene waona choopsa musamuyeze ndi mmene inu munapiririra, mitima sifanana. Akasintha kadyedwe, akasowa tulo, akamaopa malo amene kale sankawaopa, musathamangire kuti ndi mwano kapena wam'lodza. Khalani naye pansi. Mufunseni chimene anaona, ndipo mukafunsa tsekani pakamwa panu, mumvetsere. Muloleni atchule dzina la womwalirayo, alire mpaka atope. Ntchito imene ikumuopsa igwireni inu kufikira atanena yekha kuti ayesa. Zikapitirira, pitani naye kuchipatala, anthu odziwa matenda a maganizo aliko, ndipo si amisala okha amene amapitako.

Nanunso amene mwasenza chinthu mumtima, musachibise poopa kuoneka opanda ulemu. Esinati anandilemekeza mpaka mutu unasokonekera. Akanandikanira pamaso tsiku loyamba lija, ndikanakwiya sabata imodzi, koma lero bwenzi ndikumuluka tsitsi mdzukulu wanga.