Khosi Silinama

Ine ndimasoka zovala pakhonde la saluni ya Ajaji, ndipo ndakhalitsapo moti miyendo ya makina anga inadinda kale timaenje pasimenti. Chitseko cha saluniyo chimakhala chotsegula tsiku lonse chifukwa cha kutentha, choncho zonse zokambidwa m'katimo zimandipeza ndili pampando, kaya ndikufuna kaya sindikufuna. Kunena zoona, nthawi zambiri ndimakhala ndikufuna.

Dzina loti Ajaji si la makolo awo. Anawapatsa ndi makasitomala, poti mumsewu wathu wonse palibe filimu imene imatchedwa yabwino iwo asanagamule. Chodabwitsa n'chakuti mayiyu saonera filimu. Kanema anamukhomera pakhoma, pamwamba pa shelefu ya mameshi ndi mafuta a tsitsi. Wolukidwa amakhala pakampando kakafupi n'kumayang'ana kanemayo, Ajaji ali kumbuyo kwake, chipeso chosongoka chili kukamwa, maso ali pamzere wa tsitsi. Amati woluka akangodzutsa maso, mzere umakhota, ndipo mzere wokhota umayenda m'tauni monse ukulengeza dzina la amene anauluka.

Nanga amagamula bwanji? Amagamula ndi zala. Amati filimu ikakhala yabodza, mutu umene uli m'manja mwawo sukhazikika. Mwini wake amatulutsa foni, amapempha madzi, amafunsa ngati kwatsala mizere yambiri, amadandaula kuti akukokedwa. Koma osewera akagwira mtima, khosi limauma ngati mpini, munthu n'kuiwala kuti ali ndi mutu. Pamenepo ngakhale utakoka tsitsi la m'mphepete mwa khutu, sumva ndi "asa" yemwe. Pakamwa, amatero Ajaji, pamatha kuyamikira filimu chabe chifukwa mnyamata wake ndi wowala mano. Khosi silinama.

Loweruka ndiye tsiku la milandu. Saluni imadzaza, ena pabenchi, ena pansi pa chowumitsira tsitsi akukuwa chifukwa samva mawu awo omwe. Atsikana a kukoleji amaikira kumbuyo mafilimu a masiku ano, ati zithunzi zake n'zoyera, mawu amamveka, ndipo anthu ake amalankhula monga timalankhulira kunyumba. Azimayi achikulire amati ana a masiku ano amanong'ona kwambiri, munthu mwamuna wake wamwalira koma akungoyang'ana pawindo ngati akudikira mvula. Pali anamwino ena amene amabwera akaweruka, iwo nkhani yawo ndi ya m'chipatala basi. Sanakhululukirebe filimu ina imene wodwala anakomoka kwa mwezi wathunthu n'kudzuka ndevu zili zometameta. Ine changa ndi zovala. Ndinaonapo mayi wina wosauka kwambiri, ana akugona ndi njala, atavala bulauzi yoti zigamba zake anazisoka ndi makina abwino kuposa anga. Zinandikwiyitsa sabata yonse.

Onse akatha kulankhula amatembenukira kwa Ajaji. Iwo amachotsa chipeso kukamwa n'kunena mawu ochepa. Nthawi zina amati mayi wamasiye uja analira ndi mmero wokha, m'mimba mulibe kanthu. Nthawi zina amati filimu yonse inali phala, koma mdala wogulitsa makala uja, amene anaoneka kamodzi kokha, anaumitsa makosi tsiku lonse. Akatero nkhani yatha. Amene akutsutsa amakatsutsira kunyumba kwake.

Ajaji analera ana awo ndi zala zomwezi. Ana akuluakuluwo anabalalika kukagwira ntchito zina, koma mzime wawo, mtsikana, anakulira mu saluni. Tonse timangomutchula kuti Mzime. Anayamba ndi kusesa tsitsi, kenako kupatula meshi, mapeto ake anali ndi kampando kakekake pafupi ndi galasi, ndipo makasitomala ena anayamba kumusankha iye mayi ake ali pomwepo. Ajaji ankanamizira kukwiya, koma ankanyadira. Zala zawo zinali zitayamba kuuma m'mawa kukazizira, ndipo ankadziwa kuti saluni ili ndi woisiyira.

Vuto linali lakuti mwanayu anakula akumva milandu ya Loweruka. Ankatha kutengera wosewera aliyense. Kasitomala akangotuluka, ankathanso kutengera kasitomalayo, mpaka ine kusiya makina chifukwa cha kuseka. Kenako anayamba kumasowa madzulo ena, ati akukayeserera sewero ndi anzake. Tsiku lina anabwera ndi nkhani yoti anthu ena opanga mafilimu amusankha, ndipo akufunika kukakhala kumene akujambulako.

Panalibe kukalipirana. Ajaji anangomuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, asankhe chimodzi. Anamuuzanso kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo chipeso sichinagonetsepo munthu ndi njala. Ine ndinalowererapo ndili pakhonde, ndikuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anandiyankha kuti ndisoke zanga. Mapeto ake Mzime ndiye anadula mlandu. Anati amulole apite, filimuyo ikadzatuluka adzaigamule iwo eni monga amagamulira ena onse. Akadzati sakutha, abwerera pakampando kake ndipo sadzatchulanso za mafilimu. Ajaji anavomera.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Ajaji anamukhazika Mzime pansi kuti amuluke, ati sangapite kwa anthu mutu uli ngati chisa cha mpheta. Ndinkaonera pakhomo. Mayi amene sindinamuonepo akuphonya mzere, tsiku limenelo ankaluka mzere mpaka kumapeto, n'kuuyang'ana, n'kunena kuti wakhota. Ankaumasula n'kuyambiranso. Atamaliza wotsatira, nawonso akuti wakhota. Chikwama chinali pakhomo, dzuwa likukwera, Mzime osadandaula. Basi anaipeza itayamba kale kuyenda.

Kampando kaja sikanachoke pamalo pake. Ajaji analemba mtsikana wina wothandiza, koma anamugulira mpando wina. Kakaleko ankakapukuta m'mawa uliwonse, ndipo kasitomala akafuna kuikapo chikwama ankamuuza kuti mwendo wake ndi wogwedera. Bodza lenileni, kampandoko kanali kolimba kuposa ine. Ndinkawamvera chisoni mnzangayo, chifukwa ndinkaona kuti mtima wawo uli pawiri. Ankafuna mwana wawo apambane, komanso ankafuna abwere.

Patapita miyezi, tinamva kuti filimu ija aionetsa pakanema Loweruka masana. Msewu wonse unadziwa. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti Ajaji anaitana a Mutuwanga kuti adzalukidwe nthawi yomweyo. Amenewa ndi mayi ogulitsa nsapato kumsika, ndipo dzinalo analipeza chifukwa chipeso chisanawakhudze n'komwe amakhala atayamba kale kulira kuti mutu wanga, mutu wanga. Pa moyo wawo wonse palibe filimu imene inawakhazikapo chete. Ndinawafunsa Ajaji ngati imeneyi si nkhanza kwa mwana wawo yemwe. Anati akasankha khosi lofewa, anthu adzati jaji wakondera, ndipo Mzime adzakhala woyamba kudziwa. Sindinawauze zimene ndinkaganiza, zoti mwina akusankha sikelo imene iwabwezere mwana.

Mzime anafika Loweruka lomwelo, ataonda pang'ono, atavala magalasi akuda amene sankamuyenera. Anapereka moni kwa mayi ake, koma filimu itayandikira anakana kukhala m'kati. Anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi makina anga n'kuyamba kundikulungira ulusi umene sunkafunika kukulungidwa.

Filimuyo inali ya atsikana awiri apachibale, makolo atamwalira, wamkulu akulera wamng'ono. Mzime anali wamkuluyo. Kunena chilungamo, inayamba moipa. Panali amalume ena olemera amene ankangokuwa ngati akuitanira minibasi, ndipo nyimbo inkalira pamene sipankafunika nyimbo. Atsikana a kukoleji anayamba kuyang'anizana. Anamwino anati amalumewo akapitiriza chonchi athamanga magazi filimu isanathe. Mzime atatulukira koyamba, saluni yonse inaombera m'manja, koma mawu ake anawathamangitsa ngati mwana wolakatula pamaso pa ahedi. A Mutuwanga anali pantchito yawo. Anapempha madzi, anayankha foni, anafunsa ngati meshi imeneyi ndi yeniyeni.

"Wathamanga," anatero Ajaji, maso ali pamzere.

Mawuwo anatuluka mpaka pakhonde. Mzime anaweramitsa mutu, ulusi n'kuduka m'manja mwake.

Chapakati zinthu zinayamba kukhazikika. Amalume aja anachepa, atsikana awiriwo anachuluka. Mtsikana wina wa pabenchi anati akukangana ngati anthu ogona chipinda chimodzi, enawo anavomera. A Mutuwanga anali akudandaulabe, koma mwa apo ndi apo, monga mvula ikamakata.

Kenako inafika nthawi yoti wamng'ono uja wapeza malo kusukulu yakutali, ndipo akunyamuka m'mawa umenewo. Tonse tinakonzeka kumva kulira, poti tikudziwa mmene mafilimu amatsanzikirana. Koma panalibe kulira, ndipo kamodzi kokha aka nyimbo anaiiwala. Wamkulu anamukhazika mng'ono wake pakampando n'kuyamba kumuluka. Chikwama chinali pakhomo. Analuka mzere mpaka kumapeto, anauyang'ana nthawi yaitali, kenako ananena motsitsa mawu.

"Wakhota uwu. Dikira pang'ono."

Anaumasula. Mzerewo unali wowongoka ngati msoko wanga, aliyense ankaona. Wamng'onoyo anatsegula pakamwa kuti atsutse, n'kutsekanso. Kunja galimoto inaliza hutala, wamkulu anachita ngati sanamve, zala zikuyambiranso pamwamba.

Mu saluni munali zii. Amene anali pansi pa chowumitsira anachizimitsa yekha. Ndinaima n'kusuzumira pakhomo. A Mutuwanga anali atakhala njo, khosi lili gwa, foni ikulira m'chikwama iwo osaimva. Kumbuyo kwawo Ajaji anali atagwira tsitsi m'manja, koma manjawo sankayenda. Chipeso chinali chitagwa pansi, ndipo maso awo anali pakanema. Zaka zonse zimene ndakhala pakhonde limenelo, kanali koyamba kuwaona atadzutsa maso mutu wa munthu uli m'manja.

Filimu itatha, phokoso linabwerera lonse nthawi imodzi. Atsikana a kukoleji anati mwaona, kunong'ona kumene mumakunyoza kuja ndi kumeneku. Achikulire anati pamenepo pokha avomera, koma amalume aja asadzawapatsenso filimu ina. Anamwino ankafufuza kansalu m'thumba, akuti mafuta a tsitsi awalowa m'maso. A Mutuwanga anakumbukira kuti ali ndi mutu, n'kuyamba kudandaula kuti awasiya theka ngati nyumba yosafolera. Kenako onse anatembenukira kwa Ajaji, monga mwa nthawi zonse.

Iwo anatola chipeso, anachipukuta pa epuloni, n'kutuluka pakhonde. Mzime anaimirira, magalasi ali m'manja. Ine ndinali ndi nkhawa ngati mwanayo ndi wanga, chifukwa ndinkadziwa kuti mawu amodzi okha, oti wathamanga aja, anali okwanira kumubweza pakampando, ndipo akanakhala oona.

"Unkadziwa?" anafunsa Ajaji.

"Ndinkadziwa, Amayi. Mizere yanu siikhota."

Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumugwira tsitsi la pamphumi monga amachitira ndi kasitomala watsopano.

"Koyambirira kuja unathamanga, ukakonze. Ndipo pomasula paja unafulumira. Ine ndinkamasula pang'onopang'ono."

Anabwerera m'kati. Tinamva mwendo wa mpando ukukhukhuluzika pasimenti, kenako anatulukanso atanyamula kampando kaja. Anakaika pambali pa makina anga osandiyang'ana.

"Atelala, kampando aka kakungondidyera malo. Muziikapo nsalu zanu."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti mwendo wake ndi wogwedera, koma nditaona nkhope yawo ndinangothokoza. Analowa kukamaliza mutu wa a Mutuwanga, ndipo mzere umene anausiya theka uja unatulukadi wokhota. Mwini mutu anayenda nawo choncho mwezi wonse, akuuonetsa kwa aliyense wogula nsapato.

Kampandoko kali pano mpaka lero, kasenza nsalu zoyembekeza kudulidwa. Mzime akabwera kudzacheza, mayi ake amabwera kudzakabwereka kuti amulukirepo, ndipo ine ndimadziwiratu kuti nsalu zanga zikhala pansi mpaka madzulo.