Mtsikana amene ankalalata papepala

Inu amene mwagwa mphwayi, imvani za Fainala, mwana wa matenanti pa esiteti ina ya fodya ku Chulu.

Chaka china cha makuponi a feteleza, kalabu ya alimi inkafuna mlembi. Fainala analemba kalata yofunsira ntchitoyo. A Mphepo, wapampando, anaiwerenga pamsonkhano mokuwa ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo.

"Mukukuwiranji, bambo?" anafunsa Fainala.

"Wakuwa ndiwe! Zilembo zazikulu zokhazokha, ukutilalatira?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Fainala sukulu sanapiteko. Kulemba anaphunzira pamatumba a feteleza, ndipo thumba silinong'ona. Sankadziwa kuti zilembo zazing'ono zili ndi ntchito.

Nkhani inali yaikulu. Fodya akatha kugulitsidwa, lole inkayenera kubwezera Fainala ndi makolo ake kwawo ku Phalombe, komwe analibe ngakhale mzere umodzi wolima. Koma mlembi wa kalabu ankapatsidwa munda.

Anapita kwa mayi Sellah, mphunzitsi wopuma ntchito, namawasankhira fodya kuti amuphunzitse.

"Chilembo chachikulu chimayamba chiganizo," anatero mayiwo. "Chimayambanso dzina la munthu, la malo ndi la Mulungu."

"Nanga fodya, amene amatidyetsa tonse?"

"Chaching'ono."

"Feteleza, ndi mtengo wake uja?"

"Chaching'ono."

"Bwana?"

"Pakati pa chiganizo, chaching'ono. Bwana si dzina."

"Nanga ine?"

"Fainala? Chachikulu, mwanawe."

Mtsikanayo anagwira pakamwa. "Mayi, a bwana akudziwa zimenezi?"

Miyezi itatu ankalemba ndi kamtengo pansi pa chigafa, kufufuta ndi phazi, kulembanso.

Tsiku losankha mlembi linafika, mlangizi wa zaulimi ali pomwepo. Wopikisana naye anali Yobu, wa Fomu 2, mphwawo wa a Mphepo. Mlangiziyo anapereka mayeso amodzi: kulemba mayina a alimi amene abwera.

Yobu anamaliza msanga ndi mayina khumi ndi asanu. Fainala anachedwa, napereka makumi atatu.

"Enawa wawatenga kumanda?" anadabwa a Mphepo.

"Ali kumbuyoko, bambo."

Onse anacheuka. Kuseri kwa njinga kunakhala matenanti, monga mwa masiku onse. Zaka zonsezi palibe amene anawalembapo. Poti anali obwera, ankangowerengedwa ngati makasu a esiteti.

Mlangizi anawerenga mayinawo limodzilimodzi. Gogo wina atamva lake anaimirira, chipewa chili m'manja, osadziwa choti achite.

"Ndinati alimi amene abwera," anatero mlangizi. "Wamva funso ndi mmodzi yekha."

A Mphepo anapereka buku la kalabu kwa Fainala. Lole ya ku Phalombe inanyamuka popanda banja lake.

Inu amene akusekani lero, funsani chimene chawaseketsa, mukachiphunzire. Mtima wokhawo musautaye.