Msuzi wa Mlamba wa Fainala

Ku Chamama mukatchula dzina la Levison Fundo, anthu amayamba aseka, kenako n'kupukusa mutu. Anali munthu wa zazikulu. Khasu lake linali lotambalala ngati fosholo, njinga yake inali ya kaliyala wowotcherera kawiri, ndipo chigafa chake choumitsira fodya chinali chachitali kuposa munda umene unkachidyetsa. Makolo ake anali matenanti, anakalambira pa esiteti ya munthu wina osakhalapo ndi ndime yawoyawo. Ndiye iye atapeza kamunda kake analumbira kuti chaching'ono sichidzalowanso pakhomo pake. Mukamuuza kuti bambo, izi zanyanya, ankangoti, "Zochepa ndinadya kale." Nkhani n'kuthera pomwepo. Nkhutukumve weniweni, koma wopanda njiru ndi munthu.

Chaching'ono chimene anachilola pakhomopo chinali mkazi wake, Fainala, mayi wamfupi wolankhula motsitsa, mwana wa msodzi wa m'mbali mwa Bua. Anakhala naye zaka zambiri, kubereka ana, ena kuwaika m'manda, kusoka fodya limodzi mpaka zala kuda bii. Levison sankadziwa kunena mawu achikondi. Chikondi chake chinali kubwera ndi chinthu cholemera pamapewa n'kuchigwetsa pabwalo kuti mkaziyo achione.

Chaka chimenecho, mvula itangoyamba, Fainala anayamba kutsamwa. Poyamba inakana kutsika ndi nyama, kenako mbatata, kenako ngakhale nsima yofewa. Kuchipatala atamuunika anati kummero kwamera chotupa, ndipo chikukula. Anamupatsa mankhwala opha ululu, n'kuuza Dyna, mwana wawo wamkulu, kuti apite nawo kunyumba mayi akewo, azikawapatsa zamadzimadzi njira ikadalipo. Dyna anawamva bwino mawuwo. Levison anawamvanso, koma anawakana mumtima.

M'mawa wina Fainala ali gone pamphasa pakhonde anamuitana.

"Bambo a Dyna, ndikulakalaka msuzi wa mlamba. Wauwisi, wongotuluka m'madzi, ngati umene ankaphika mayi anga."

Kwathu kuno wodwala akatchula chakudya, sufunsa kawiri. Dyna anathamangira pamsika n'kugula mlamba wowamba, koma utsi wake unamukanda mayiyo kukhosi, analavula. Nsomba zochokera kunyanja zimafika ku Chamama mimba zitatupa kale. Inatsala njira imodzi, damu la esiteti yakale imene inatsekedwa, kumene anthu ankati kuli milamba yaikulu ngati ntchafu ya munthu. Koma ikuluikuluyo inkakhala pakatikati, pozama, kutali ndi pamene mbedza ya pamtunda imafika. Levison atangomva kuti pakati pali zazikulu, za m'mphepete sanazionenso.

Anapalasa njinga mpaka pa boma la Kasungu. Kumsika kuja kuli mnyamata wamalonda dzina lake Chancy, amene amagulitsa katundu wakunja wogwiritsidwapo kale, mapoto, zidole, matochi, ndi zina zoti ngakhale iye mwini sadziwa ntchito yake. Pathebulo lake panali timakina tiwiri tokulungira chingwe cha mbedza. Kena kanali kopepuka, kolendewera kunsi kwa ndodo. Enawo anali makina olemera, obulungira ngati kang'oma, okhala pamwamba pa ndodo, okhala ndi chogwirira chopukusa ngati cha makina osokera.

"Madala, tengani kakang'onoka," anatero Chancy. "Aka ngakhale mayi akumvano angaponye. Awa ndi a m'nyanja yamchere, kunja uko."

"Amakoka nsomba yaikulu bwanji?"

Apa ndi pamene Chancy analakwitsa, ngakhale sanachite dala. Anatulutsa foni n'kumuonetsa kanema. Azungu ataima m'mafunde ofika m'chiuno, akuponya mbedza kutali koti diso silifika, kenako n'kukokera pamchenga chinsomba chonga thole la ng'ombe. Levison anaonera kanemayo pakamwa pali yasa. M'maso mwake sanaone nyanja yamchere, anaona pakati pa damu paja, ndi mutu wa mlamba wodzaza mphika, wa mafuta oti angadzutse munthu.

"Koma amafuna chala, madala," anachenjeza Chancy. "Mukaponya, kang'omaka kamazungulira mothamanga kuposa chingwe. Muzikagwira ndi chala chachikulu, apo ayi zonse zipiringizana. Komanso chingwe chake ndilibe, chimapezeka ku Lilongwe."

"Chingwe chili kunyumba," anayankha Levison.

M'malo mwa ndalama anasiya sipuleya yake yopopera mankhwala m'munda, n'kutenga makina olemerawo. Tangoganizani, mlimi wa fodya kusiya sipuleya mu Febuluwale. Chancy anamuyang'ana akumangirira makinawo pakaliyala, anafuna kunenanso kanthu, koma anaona kuti mutu wa mkuluyo watsekeka.

Chingwe chimene ankanenacho chinali twaini wosokera fodya. Levison ankamukhulupirira twainiyu ngati mbale wake. Si uyu amanyamula mindandanda ya fodya wauwisi m'chigafa osaduka? Nanga nsomba ingalemere kuposa fodya wa Levison? Safunsa anadya phula. Anadula nsungwi yaitali, n'kumangapo makinawo ndi malegeni, n'kukulunga twaini mpaka kang'oma kudzaza. Kunsonga anamangako nati ya thirakitala kuti izilemera, ndi mbedza imene anabwera nayo pamodzi ndi makinawo, yaikulu yoti mutha kupachikapo jekete.

Kuponya koyamba nati inagwa pafupi pomwepa, chubwi, kang'oma n'kupitiriza kuzungulira kokha. Twaini yense anatumphuka n'kupiringizana ngati matumbo a nkhuku. Dzuwa linafika pamutu iye akumasula mfundo ndi minga. Kuponya kwachiwiri chimodzimodzi. Atakumbukira za chala chija anakanikiza mwamphamvu, twaini n'kumusupula khungu mpaka magazi. Anamanga kansanza n'kuponyanso. Masiku anayamba kupita motero, kulawirira m'mamawa, kubwera dzuwa litapendeka, manja ali zii.

Kumunda fodya anapsa, masamba a m'munsi n'kuyamba kuyoyoka okha. Anansi ankadutsa akuloza. Koma za fodya zilekeni, amalimidwanso. Chimene chinkatha chinali chija chinagona pakhonde. Phala limene Dyna ankaphika linkasungunulidwa tsiku ndi tsiku, mpaka linasanduka madzi oyera.

Tsiku lina Dyna anamutsatira mpaka panjira.

"Ababa, anthu akugwira timilamba m'mphepete momwemo ndi timbedza ta pagolosale. Bwanji osangotero?"

"Timeneto n'tokhala ndi msuzi? Amayi ako akufunika mafuta, adzuke. Ndatsala pang'ono kufika pakati."

"Khosi lawo silikudikira, ababa."

"Bwerera ukawayang'ane amayi ako."

Dyna anabwerera akulira. Ndipo zoona, Levison anali atatsala pang'ono. Chala chinali chitaphunzira. Nati inayamba kuuluka bwino n'kukagwa kutali, pamadzi akuda paja. Madzulo alionse akamatsamiritsa njinga pachipupa, Fainala ankatembenuza mutu n'kufunsa za nsombayo ndi mawu otsalira, "Yadya?" Iye ankati, "Mawa." Chimene sanachiganizire n'choti twaini wa fodya amakhala pamthunzi pouma. Uyu ankanyowa m'damu, n'kugona wonyowa atakulungidwa pakang'oma, n'kunyowanso m'mawa mwake. Kunja ankaoneka bwinobwino, m'kati akufumbwa.

Tsiku lina chakumasana nsomba inadya, nyambo ili chule. Nsungwi inawerama mpaka kufuna kugunda madzi, kang'oma n'kulira kuti krrr. Levison anaponda m'matope n'kuyamba kupukusa. Inkabwera pang'ono, n'kubwerera, n'kubweranso. Thukuta linamulowa m'maso. Anayamba kulankhula yekha, kuitchula nsombayo achimwene, kuichonderera. Kenako mutu unavuuka pamadzi, wotambalala ngati lichero laling'ono, ndevu zili yangayanga, pafupi poti akanatha kuugenda ndi chibuma. Nsombayo inangopukusa mutuwo kamodzi. Twaini anaduka opanda ngakhale phokoso, ndipo Levison anakhala pansi m'matope, nsungwi ili chilili m'manja.

Atakoka twaini wotsalayo n'kumuyesa ndi manja, anaduka ngati ulusi wa pamalaya akale. Anayesa pena, anadukanso. Mtima unamuwawa kuposa tsiku limene anaika mwana m'manda koyamba, chifukwa pa imfa ija panalibe chimene iye analakwa.

Anafika kunyumba akukankha njinga. Dyna anali atamulowetsa Fainala m'nyumba chifukwa cha kamphepo. Levison anagwada pambali pa mphasa, matope ali thupi lonse.

"Yadya?"

"Inadya, mayi a Dyna. Chingwe chaduka."

"Inali yaikulu?"

Anatambasula manja kumuonetsa. Fainala anayang'ana manjawo, kumanzere ndi kumanja, ndipo milomo yake youma inachita ngati ikufuna kumwetulira.

"Yonseyo ndikanaimaliza ine?" Anapuma kaye, chifukwa mawu ankamutopetsa. "Ine ndinangofuna kamsuzi, bambo a Dyna. Ka pasupuni. Ngakhale kamlamba konga chala changachi."

Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. M'zaka zonse zimene anakhala naye mayiyu, Levison sanamvepo manyazi otere.

Kutacha anapita pagolosale n'kutenga kambedza kakang'ono, kaja amagula aliyense. Anamangirira ku bango, anakumba nyongolotsi kuseri kwa bafa, n'kukakhala m'mphepete mwa damu, pamene ankapaponda tsiku lililonse popita kukaponya kutali. Mame asanaume anali atagwira timilamba tokwanira kambale. Tinalipo nthawi yonseyi, pansi pa mapazi ake. Anapalasa njinga ngati akuthamangitsidwa, nsombazo zikuphiriphitha m'jumbo.

Dyna anazilandira. Anatumbula, anaphika ndi kamchere ndi tomato mmodzi monga ankachitira agogo ake a ku Bua, n'kusefa msuziwo pakansalu koyera kuti pasatsale ngakhale kamunga. Fungo linadzaza nyumba yonse. Fainala analimva, anatsegula maso, mphuno zake n'kugwedezeka.

"Ndi umenewu," ananong'ona.

Levison anakhala kumbuyo kwake n'kumutsamiritsa pachifuwa. Anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Dyna anauzira supuni n'kuifikitsa pamilomo. Fainala anaulandira msuziwo, anausunga m'kamwa, maso ali tsinzi. Khosi linagwedezeka kamodzi, linayesanso kachiwiri. Kenako anatsokomola, msuzi n'kutuluka pambali pa mlomo, kutsika ndi chibwano, kudzagwera pa dzanja la Levison ukadali wofunda.

"Yesaninso, amayi," anatero Dyna.

Fainala anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Wakoma," anatero. "Koma kwatseka. Kunatseka dzana."

Dyna anaika supuni m'mbale. Levison anamugwirabe mkazi wakeyo, osapukuta dzanja lija, mpaka msuzi unazizira.