Kabawuti ka m'Thumba la Ovololo

Amuna anga anthu ankawatchula kuti a Khutu. Galimoto ikangolowa pageti la garaja, asanatsegule n'komwe boneti, ankapendeketsa mutu n'kunena matenda ake. Koma ine ndikayamba za denga lodontha, khutu lomwelo linkagontha. Ndinakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo denga lija ndinakonzetsa ndekha.

Chinawatchukitsa ndi ntchito ya thirotulo. Poti ndine ndinkawapititsira tiyi kugaraja, nanenso ndinaidziwa. Thirotulo ndi khosi la injini, polowera mpweya. M'kati mwake muli kachitseko kachitsulo kozungulira, kamene kamatseguka munthu akaponda moto. Anthu a mpikisano wa magalimoto ankabwera kuti awachotsere khosi laling'ono n'kuikapo lalikulu, injini izipuma mokwanira, mphamvu ichuluke. Amuna anga ankayeza, kupala m'mphepete mpaka chala chiziterera, kumanga, kenako kutsinzina n'kumvetsera. Ndipo sankanamiza munthu. Akaona kuti galimoto yako siipindula kanthu ndi thirotulo yaikulu, ankakuuza pamaso, kaya ukwiye kaya utani.

Mmodzi mwa makasitomala awo anali dokotala wa mano, munthu wa nthabwala, yemwe ankawaopseza kuti adzawazula ndi pulayala yawo yomwe. Anamuikira thirotulo Lachitatu. Loweruka anapitirira pakona ya bwalo la mpikisano, ndipo sanadzukenso. Palibe anawaloza chala amuna anga, ntchito inali yolongosoka. Koma anapita kukaona zotsala za galimotoyo, n'kubwera kudzakhala pakhonde mpaka tiyi anazizira m'manja.

Patapita zaka ziwiri, mwana wathu wachisamba, munthu wamkulu wa ntchito yake yoyeza malo, anagula galimoto yofiira n'kulowa nawo mipikisano ija. Ndinalalata mpaka mawu anasasa, koma kunali kuthira madzi pamsana pa bakha. Tsiku lina anabwera ndi thirotulo yatsopano m'katoni.

"Bambo, aliyense amati palibe wokuposani. Mundiikire."

Anaika. Madzulo ake nditapita ndi tiyi, ndinawapeza akumanga kabawuti kakang'ono pambali pa thirotuloyo.

"Bambo ake, n'chiyani chimenecho?"

"Kachitseko kazitseguka, koma kasamafike kumapeto."

"Mumuuza?"

Khutu lija linagonthanso. Ndisaname, ine ndinakondwa. Ndinkafuna mwana wamoyo, zikho ndilibe nazo ntchito.

Mwanayo analuza mipikisano itatu yotsatizana. Ankabwera wakhuma, bambo ake n'kumangoti, "Injini ili bwino," maso ali pansi. Kenako anapita nayo kwa makaniko wina. Ndikukumbukira linali Lamulungu masana pamene analowa pabalaza, osapereka moni, n'kuika kabawuti kaja patebulo.

"Bambo, anthu onse mumawauza zoona. Ine ndekha ndiye woyenera bodza?"

"Ndimafuna ukhale moyo, mwanawe."

"Bwenzi mutangokana. Ndikanakwiya, koma ndikanabweranso."

Sanabwerenso nayo galimoto kugaraja. Kunyumba ankabwera ndithu, ulemu wonse, kufunsa za miyendo yanga, kubweretsa zidzukulu. Koma galimoto yofiira ija ankaiimika kutali, kuseri kwa sitolo ya pakona, n'kuyenda wapansi, kuti bambo ake asamve kulira kwake. Mwana ameneyu nkhanza zake ndi zaulemu, anatengera ine. Akatsanzika, amuna anga ankaima pageti atapendeketsa mutu, kudikira kuti ailize, koma misewu ya kuno ndi yaphokoso.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho. Kabawuti kaja kankakhala m'thumba la ovololo ya amuna anga. Tsiku lililonse lochapa ndinkakapeza, n'kukabwezera ovololo ikauma. Sitinakambepo za iko.

Kenako mtima unayamba kuwavuta, mpweya n'kumaperewera. Anasiya ntchito, anagona. Kuchipatala atatiuza kuti tibwerere nawo kunyumba, ndinadziwa tanthauzo lake. Ndinakwera basi mpaka kuntchito kwa mwanayo.

"Iwe, ukudikira chiyani? Kuti udzawalizire injiniyo kumanda? Analakwa, inde, ndipo nane ndinadziwa n'kukhala chete. Ngati n'kulanga, langa tonse. Koma zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wanga? Ngakhale wakuba amatuluka kundende."

Anangondiperekeza pokwerera basi.

Tsiku lotsatira masana, ndikuwapukuta nkhope bambo ake, ndinamva injini ikulowa pageti. Inadutsa pabwalo pang'onopang'ono n'kudzaima pansi pa windo la kuchipinda. Amuna anga, omwe kuyambira m'mawa sanatsegule maso, anapendeketsa mutu papilo. Panja mwanayo anaponda moto kawiri.

"Tsegulani windo, mayi ake."

Ndinatsegula. Mwanayo anaima pamenepo ngati wobwera kudzapempha ntchito.

"Ikuba mpweya," anatero bambo ake, mawu akuchita kukoka. "Paipi yolowa kuthirotulo siinamangike. Ndani amakukonzera?"

Mwanayo anatsegula boneti, kugwira paipi ija, ndipo inagwedezeka m'dzanja lake. Ndinathamangira kugaraja kukatenga sikuludiraiva. Anamanga misozi ikugwera pa injini, bambo wa ana atatu. Atailizanso, amuna anga anamvetsera nthawi yaitali.

"Eya. Tsopano ikupuma. Kachitseko kakufika kumapeto?"

"Kakufika, bambo."

"Chabwino. Ndiye mawa ubwere nayo ndidzaone mabuleki."

Anabwera nayo m'mamawa, ataitsuka mpaka matayala. Anapeza ine ndi mlamu wanga tikutulutsa mipando pabalaza.

Masiku ano akabwera amaiimika pansi pa windo lomwe lija, ndipo asanazimitse amaponda moto kawiri. Ine ndimamukalipira kuti akundidzutsira mutu. Ovololo ija ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko, sindinaichape.