Tsiku Lomwe Ndinakwecha Njinga ya Bambo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pomwe bambo anagula njinga yamoto yofiira, yogwirapo kale ntchito, kwa munthu wina wa ku Dwangwa. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Dwambazi, inali yoyamba, ndipo kunena zoona ankaisamala kuposa ife ana. Kiki yake yolizira ndi phazi inali itathyoka kale, choncho inkalira ndi kabatani kokha ka pa handulo, kakuda, kakang'ono ngati nyemba.

Lachisanu lina anaibwereka a Mhango, anzawo a bambo omwe anachokera kumpoto n'kudzakhala pafupi nafe, akupha usipa. Ankapititsa akazi awo kuchipatala, ndipo inabwerako ili matope okhaokha. Mawa lake bambo ankayenera kukayankhula pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo ku Dwangwa. Ine mtima unandiwawa kuti akafika bwanji pa anthu ndi njinga yonyansa chonchija.

Ndinalawirira ndi ndowa, chiguduli ndi mchenga wa kunyanja. Chomwe ndinkadziwa kutsuka anali mapoto, ndipo mayi anandiphunzitsa kuti chitsulo sichiwala popanda mchenga. Ndinakwecha masipoko, ndinakwecha handulo. M'mbali mwa kabatani muja munali litsiro, ndiye ndinakanikizamo mchenga ndi chala, n'kutsirapo madzi makapu atatu. Nditatha ndinakhala pakhonde, kudikira kuyamikiridwa.

Bambo anatuluka atavala suti, ndipo sanaone n'komwe kuti njinga ikuwala. Anakwera, n'kudina batani. Zii. Anadinanso. Zii.

Abale inu, amuna akamva kuti injini yakana! Mosakhalitsa pabwalo panadzaza, aliyense ndi nzeru zake, pomwe ambiri anali asanakwerepo ngakhale kumbuyo. Wina anati ndi pulagi, anaichotsa. Wina anati batire yazizidwa, anaiyanika padzuwa ngati usipa, kenako n'kuibwezera. Wina anagwedeza thanki n'kuikapo khutu. Anayesa kuikankha, koma kwathu n'kumchenga, tayala linkangokhwekhwereza, bambo thukuta lili kamukamu m'suti muja. Dzuwa linkakwera. Mawaya ena omwe analibe mlandu anasololedwa n'kumalendewera ngati matumbo a mbuzi.

Ine ndinali nditadziwa kale. Chala changa chomwe chinkandiuza.

A Mhango anafika akuchokera kunyanja. Analiza hutala, inalira. Anayatsa nyali, inayaka.

"A Phiri, batire ilibe vuto iyi," anatero a Mhango kuwauza bambo. "Tayambani mwaona pa batanipo."

"Mukudziwa bwanji kuti ndi pa batani?" anatero bambo. "Ndiye kuti mukudziwa chomwe munachita dzulo."

"Yayi, a Phiri, ine ndabweza ikulira."

"Ikulira kuti? Munthu kumuchitira chifundo, iye akubwezera chitsulo chakufa n'kukhala chete!"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati n'chifukwa chake zinthu sabwereketsa kwa obwera. Mawu amenewo anawalasa a Mhango, ndinaona nkhope yawo ikugwa. A Mhango ndi banja lawo tinkadya nawo limodzi, mwana wawo Tawonga ndinkagona naye pamphasa imodzi, ndipo tsiku lomwe mng'ono wanga anamira, anamuvuula ndi a Mhango omwewa.

Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe n'kugwada. Ndinapemphera ndi mtima wonse kuti Mulungu alize njingayo yekha, ine ndisayankhule. Ndinalonjeza kusesa kutchalitchi mwezi wathunthu. Ndikutsegula maso, ndinamva bambo akukuwa kuti, "Kuyambira lero, phazi lanu lisapondenso pakhomo pano!"

Sindikudziwa kuti miyendo inandifikitsa bwanji pakati pa anthu paja.

"Ababa, ndine. Ndinaitsuka."

"Kutsuka ndi chiyani?"

"Ndi mchenga."

Panali zii kuposa wa batani uja. Mayi anagwira pakamwa, n'kuti, "Mwana iwe, njinga ndi poto?"

A Mhango anawerama pa njinga ija. Anatulutsa kampeni kawo kosokera ukonde, n'kumasula timasikulu tiwiri pansi pa batani. Mchenga wonyowa unagwera m'dzanja mwawo. Anauzira, anapala pang'ono pa kachitsulo kamkati, n'kukasiya kaume. Ntchito yonseyo sinathe nthawi yoti madzi awire. Koma kubwezera mawaya omwe akatswiri aja anasolola kunatenga mpaka dzuwa pamutu, ndipo akatswiriwo anali atazemba mmodzimmodzi. Anagwira ntchitoyo okha a Mhango, atagwada mumchenga wotentha, pakhomo pomwe anali atangothamangitsidwapo.

Atadina batani, njinga inalira kamodzi n'kamodzi.

Bambo sanali munthu wodziwa kupepesa. Anaima, anakanda kumutu, anayang'ana mafuta omwe anali pa suti yawo. Kenako anati, "A Mhango, kavaleni malaya. Kuchinkhoswe tipitira limodzi."

"Ndaloledwa kuponda pakhomo?" anafunsa a Mhango.

"Aaa, inunso! Kwerani, tachedwa."

Anakafika anthu atadikira mpaka kutopa, ndipo azakhali sanawalankhule bambo kwa sabata ziwiri. Ine khutu langa linakokedwa ndi mayi mpaka kutentha, osati chifukwa cha mchenga, koma chifukwa chokhala chete munthu wosalakwa akunyozedwa.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndipo chinthu chikawonongeka pakhomo panga sindiyamba ndi kukuwa. Ndimafunsa motsitsa mawu kuti wachigwira ndani, chifukwa ndikudziwa kuti mwana wamantha amatha kuonerera mudzi ukupsa, madzi ali nawo m'manja. A Mhango anakhala nafe mpaka ukalamba wawo, ndipo bambo atamwalira, iwo ndiwo anatsogolera kunyamula bokosi. Mapemphero anga ambiri Mulungu wandiyankha, ndipo ndimayamika. Koma pemphero lomwe ndimamuthokoza nalo kwambiri ndi lija anandikaniza kuseri kwa nkhokwe.