Mtedza wa Chuku

Mayi a mapasa ankagwira ntchito yosankha mtedza m'shedi ya kampani ina. Wabwino unkalowa m'matumba, wonyala ndi wa chuku unkatayidwa. Koma iwo kutaya chinthu sankakudziwa, poti ana awo anawalera ndi zotsala za ena. Poweruka ankamanga wotayidwawo pansonga ya nsalu, kukapatsa chinkhwe chimene amuna awo anasiya pomwalira.

Chinkhwecho sankachikonda. Chinkadetsa pakhonde, chinkawalumanso zala. Kungoti chinkayankhula ndi mawu a malemuwo, mpaka kakhosomoledwe kawo ka fodya. Akangogwira chitseko chinkati, "Mwachedwa kuti, amayi?"

"Khalani chete, bambo inu," iwo ankayankha, mtima uli m'malo.

Mvula itayamba, mawu aja anasasa. Kenako anatheratu. Chinkhwe chinkangokhala kukamwa yasa, mchira ukugwedezeka ndi mpweya uliwonse. Iwo poyesa kuti ndi chimfine, anafunditsa khola lake ndi bulangete lonyowa ndi chinyezi cha pakhonde, nawonjezera mtedza m'mbale kuti chipeze mphamvu.

Atachitengera kwa dokotala wa ziweto, iye anamvetsera kapumidwe kake, nanunkhiza mtedza wa m'mbalemo.

"Mayi, mapapo a mbalameyi achita chuku ngati mtedza womwewu. Yakhala ikudya umenewu?"

Iwo anangoyang'ana zala zawo, zimene tsiku ndi tsiku zinkauzindikira mtedza woipa osalakwitsa.

Chinkhwecho chinafera m'basi pobwerera, chili pamiyendo pawo.

Kushedi amapitabe. Akafika pakhomo madzulo amayamba aima, kiyi ali m'manja, kudikira wina woti awakalipire.