Bolodi Lozungulira la Mayi Zondotsani

Ana asukulu sasowa dzina lopatsa mphunzitsi, ndipo uyu anamupatsa lakuti Mayi Zondotsani. Mayiwo ankalidziwa dzinalo, ndipo m'malo mokwiya ankalinyadira. Linachokera ku phunziro la masamu limene ankalikonda kuposa onse, la mafankishoni a odi. Fankishoni yotere ukaipatsa 2 n'kukubwezera 8, ndiye kuti ukaipatsa mainasi 2 ikubwezera mainasi 8. Mzere wake pagalafu ukakwera kumanja, kumanzere umatsika chimodzimodzi. Ana akajambula, mayiwo ankangoti, "Ikani chala pakati, zondotsani kope. Mzere ukaoneka monga unalili, mwakhoza. Ukasintha, musandiitane, fufutani."

Anali mayi wamtali, wa mawu omveka mpaka kalasi yachitatu kuchokera pamene ankaphunzitsa. Pabolodi ankayambira pamwamba penipeni, pamene aphunzitsi anzawo sankafika ngakhale atanyanyamphira. Ana ambiri amene anadutsa m'manja mwawo anaiwala zina zonse, koma kuzondotsa kope sanaiwale.

Tsiku lina m'mawa akusita zovala, anagwa. Atatuluka m'chipatala, dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa. Mutu wokha unali bwinobwino, pakamwanso sipanasinthe, moti amuna awo, kalipentala wosayankhulayankhula, ankati matendawo anaopa lilime. Mayiwo anaphunzira kugwira choko ndi dzanja lamanzere, akulemba pachitseko cha kukhitchini ali pampando.

Ahedi anabwera kudzawaona. Sanali munthu woipa, koma mayeso anali pafupi.

"Mayi, kalasi ija mwina tipatse wina," anatero akuyang'ana pansi. "Kuimirira simungathe. Pabolodi mufikapo bwanji?"

"Mubwere Lolemba mudzakhale kumbuyo. Mukaona kuti ana sakumva, choko ndikupatsani ndekha."

Anayankha molimba mtima, koma mantha anali nawo. Kalasi ija inali moyo wawo, ndipo kukhala pakhonde n'kumawerenga anthu odutsa sakanakupirira. Ahedi atangochoka, mayiwo anaitana amuna awo.

"Bambo, mundichekere thabwa lozungulira, lalikulu ngati tebulo ili, mulipake penti wakuda. Pakati penipeni muikepo bawuti."

"Mukufuna bolodi kapena gudumu, akazi anga?"

"Zonse ziwiri. Musandifunse zambiri, inu masamu anu amathera patepi."

Lolemba ana anapeza chithabwa chozungulira chitakhomedwa kukhoma, pamenepo pali mizere iwiri yopingasana pabawuti. Ahedi anakhala kumbuyo ndi bokosi la choko latsopano limene anatengera mphunzitsi wolowa m'malo. Mayi Zondotsani anakhala pampando pafupi ndi thabwalo. Dzanja lawo linkafika pabawuti ndi m'munsi mwake basi.

Anaika choko pabawuti, n'kukoka mzere wokhota kutsikira kumanzere.

"Ili ndi theka," anatero. "Lina lili kuti?"

"Pamwamba, kumanja," ana anayankha motsitsa mawu. Onse ankaona kuti kumeneko mayiwo safikako, ndipo ena anawerama ndi chisoni.

"Mwakhala ngati muli pamaliro bwanji? Ndakuphunzitsani chiyani ine?"

Mtsikana wa kutsogolo ndiye anayamba kumwetulira. "Zondotsani, madamu."

Mayiwo anakankha thabwa lija. Linazungulira mosavuta mpaka za pansi zinapita pamwamba, ndipo mzere uja unakaima kumanja, ukukwera. Anaikanso choko pabawuti n'kukoka mzere womwe uja kutsikira kumanzere. Galafu inakwanira. Anazunguzanso thabwalo, ndipo chithunzi sichinasinthe. Kalasi yonse inawomba m'manja, ngakhale aja amene zaka zonse ankangozondotsa kope osadziwa chifukwa chake.

Ahedi anatsokomola. "Nanga magalafu ena aja, osazondotseka?"

"Amenewo ajambula ndi anawa, miyendo ali nayo. Ine ndizikalipa ndili pompano."

Ahedi anadzuka, n'kuika bokosi la choko lija patebulo la mayiwo, n'kutuluka.

Apa m'pamene mayiwo anaona amuna awo pawindo. Anali ataima panja chiyambire phunziro, sipanala ili m'manja, kuopa kuti bawuti ingalimbe n'kuwachititsa manyazi akazi awo pamaso pa ana. Misozi inalengeza m'maso mwa Mayi Zondotsani, koma mawu sanagwedezeke.

"Bambo, pitani kuntchito. Gudumu lanu likuyenda."